Kukatenga Nthambi za Mango a Amayi ku Fort Lister

Ndinanyamuka pa Migowi Loweruka sikisi koloko isanakwane, m'chikwama muli lezala watsopano, mpeni wa amayi wosendera mbatata, ndi foni yodzaza moto mpaka pakamwa. Anzanga a m'gulu lathu la zomera pa foni, mwandifunsa mokwanira kuti ulendo uja unatha bwanji. Khalani pansi, mukundidziwa kale, ine kufupikitsa nkhani sinditha.

Kwawo kwa amayi ndi ku Fort Lister, pampata pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi. Kumeneko kunali mtengo wa mango umene anabzala okha ali mtsikana, mbande yake anapatsidwa ndi alangizi a zaulimi. Mango ake, aise! Akulu ngati mutu wa khanda, opanda ulusi, ukaluma madzi mpaka m'chigongono. Disembala aliyense amayi aang'ono, a Feliya, amene anatsala pamalopo, ankatitumizira dengu lodzaza. Amayi anayesa kubzala nthanga zake kwathu, anadikira zaka sikisi, mtengo n'kubereka timango towawasa ta ulusi wokhawokha. Chifukwa chake ndinachipeza pa foni. Nthanga ya mango amtundu umenewu ndi mwana, ndipo mwanayo ali ndi bambo ake ena, mungu umene tizilombo tanyamula kuchokera ku mtengo wina uliwonse. Ukafuna mtengo womwewo sutenga nthanga ayi. Umadula kanthambi n'kukamezanitsa pa mbande ina.

Ndiye Lachinayi a Feliya anaimba foni. Khoma la nyumba yawo lang'aluka, njerwa aumba, nkhuni zootchera uvuni palibe, mtengo ugwetsedwa Loweruka. Amayi anadula foni. Anangopitiriza kusankha nyemba zimene anali atasankha kale. Ine kuseri kwa bafa ndinali ndi mbande zisanu za mango wamba m'machubu, zonenepa ngati pensulo, zongodikira ntchito. Ndinati basi, ndikupita.

Ndili pakhomo amayi anati, “Yami, mtengo ujatu ukakafika...”

“Amayi, ndaonera mavidiyo khumi ndi awiri. Zonse zili m'mutumu.”

Anandiyang'ana, n'kungoti, “Chabwino, a katswiri. Mukapereke moni.”

Minibasi ya ku Boma inanditengera wani faivi, ndipo ndinakhala pa thumba la nandolo chifukwa mpando wanga unali utagulitsidwa kawiri. Kunja minda yonse mbuu, kupatula mitengo ya nandolo, ina ikadali ndi timasamba tobiriwira mu Seputembala muno. Sindinapirire. Ndinatembenukira kwa mayi mwini thumba.

“Mayi, mukudziwa kuti mizu ya nandolo ili ndi timatuza timene timapanga feteleza kuchokera mu mpweya?”

“Wazulapo nandolo kangati iwe?”

“Aaa, kuzula kwenikweni ayi, koma ndinaona chithunzi.”

“Ndiye umayesa timaphatikiza ndi chimanga kuti munda ukongole? Muzu wake umatsika mpaka kumene khasu silifika, n'chifukwa chake sakufota. Tanyamuka pang'ono, ukundiphwanyira malonda.”

Minibasi yonse inaseka, ine ndinalemba mu foni: kukazula nandolo mmodzi.

Seveni koloko ndinali pa Boma. Tiyi ndi zitumbuwa ziwiri pafupi ndi msika, kenako kwa anyamata a kabaza wa njinga zamoto. Mmodzi, dzina lake Gilibati, anayamba ndi seveni sauzande ati msewu ndi woipa, tinamaliza pa faivi. Atamva chimene ndikupitira anaseka mpaka chipewa kupendama.

“Biggie, anthu amapita ku Fort Lister kukaona manda a azungu. Inu mukupitira timitengo?”

“Timitengo ta moyo, achimwene. Tiyeni.”

Msewu woipa sananame. Fumbi, miyala, ndi timitsinje touma todzaza zimiyala zazikulu ngati nyumba zimene napolo anagubuduza. Koma chimene chinandigwira ine ndi mmene zomera zimasinthira ukamakwera. Kumunsi bulugama ndi mango apa ndi apo. Ukakwera pang'ono nthochi zayamba kunenepa, mphepo yazizira. Mbali ya Mulanje makwawa obiriwira bii, mbali ya Michesi udzu wofiirira ngati wina waupsereza ndi simbi. Mapiri awiri oyang'anana, zovala zosiyana! Ndinamuimitsa Gilibati katatu kuti ndijambule.

Kachitatu kanali pa mitengo ya masuku. Masamba ake munawagwirapo? Akulu, olimba ngati chikopa, ukawaponda ouma amalira ngati mapepala. Ndinaona kambande pansi, ndinati ndikazule ndikabzale kwathu.

“Musavutike,” anatero Gilibati. “Msuku sufuna kusamuka wokha. Mukauzula mutengere ndi dothi la pansi pa make, apo ayi ufa.”

“Chifukwa?”

“Kaya. Bowa amadziwa, amamera pomwepo.”

Ndinatulutsa foni kuti ndifufuze. Netiweki zii. Ndinakweza dzanja, ndinakwera pa mwala, ndinazungulira ngati nkhuku yofuna poikira, palibe. Ndinadzapeza nditabwerera kuti mnyamatayu amanena zoona: timaulusi ta bowa timakhala pamodzi ndi mizu ya msuku, timaipatsa madzi ndi chakudya cha m'nthaka, mtengo n'kumatipatsa shuga. Koma pa mwala paja ndi zithunzi zija ndinatayapo ola lathunthu.

Tinafika cha m'ma teni. Ndisanatsike ndinamva nkhwangwa, kho, kho. Ndinathamanga kuseri kwa nyumba. Chithunthu chachikulu chili gonee pabwalo, masamba mbwee, timango tating'ono ngati mazira a njiwa tamwazika ponseponse. Bambo wina wamfupi, a Likaka, amene a Feliya anawapatsa ganyu yogwetsa, anali akusadza nthambi. Koma taonani mwayi: mtengowo unali wa mathunthu awiri ochokera pansi, ndipo lina linali chiimire, lobiriwira bwinobwino.

“Bambo, limenelo musalikhudze kaye!”

Moni sindinapereke. Ndinakwera ngati nyani, ndinasankha nsonga khumi zokhwima, zonenepa ngati pensulo, ndinathothola masamba monga mwa vidiyo, ndinakulunga. Ndinajambulanso nkhope yanga ndili m'mwamba, yoti ndidzakutumizireni netiweki ikabwera.

Nditatsika ndinapeza a Feliya aima, manja m'chiuno.

“Mwana wa achemwali, kwanu ku Migowi moni anatha?”

Ndinagwada, ndinapepesa. Anandikhazika pakhonde, anabweretsa chinangwa chophika ndi nandolo, ndi thobwa wozizira wa mu mtsuko. Tinacheza za amayi, za khoma, za mbuzi imene inadya sopo. Ine ndikufotokoza za kumezanitsa ndi manja onse awiri, chinangwa chili kukamwa. Dzuwa lili pamutu ndi pamene anati, “Tatione timitengo takoto. Watenga pati?”

“Pa limene laimalo.”

Anaika kapu pansi. Anayankhula kanthu m'Chilomwe mofulumira, ine Chilomwe changa ndi cha theka, koma a Likaka kubwalo kuja anasiya nkhwangwa n'kuyamba kuseka.

“Limenelotu ndi la ana asukulu,” anatero a Feliya.

“La ana asukulu bwanji?”

“Mbali ya kunjirayo imabereka timango ta ulusi. Timawasiyira ana odutsa kuti azigenda kumeneko, asatiswere malata. Dengu lanu lija limachokera mbali ya kunyumba. Ndi imene tayamba kugwetsa, imatsamira denga. Yagwa cha m'ma naini.”

Anzanga, thobwa anandiwawa. Naini koloko ine ndinali pa mwala, dzanja m'mwamba, kusaka netiweki.

Komabe mutu wangawu, ngakhale pa mavuto, funso limabwera. Mtengo umodzi, mizu imodzi, mango amitundu iwiri? Zitheka bwanji?

“Unawombedwa ndi mphezi kalekale,” anatero a Feliya. “Anthu amatero.”

“Ayi, ndi wa mitala umenewu,” anatero a Likaka. “Nyumba ziwiri, kaphikidwe kosiyana.”

Ndinapita pa chitsa, ndinagwada, ndinachotsa zipalapala. Ndi pamene ndinachiona. Pamsinkhu wa bondo panali chotupa chozungulira, ngati chipsera cha bala lakale, ndipo khungwa la pansi pake linali lokhakhala kusiyana ndi la thunthu logwa lija. Thunthu la mango abwino linayambira pamwamba pa chotupacho. Limene laima linatulukira pansi pake. Ndinakuwa mpaka nkhuku kubalalika.

“Mayi aang'ono, si mphezi! Mtengowu ndi womezanitsa kale! Mizuyi ndi ya mango wamba, alangizi aja analumikizapo nthambi ya mango abwino apa. Kenako mizu inatulutsa mphukira yakeyake pansipa, palibe anaithothola, ndi iyi yakula n'kukhala thunthu!”

A Likaka anawerama, anasisita chotupacho ndi chala. “Ndiye nkhwangwa yangayi yadutsa pa mfundo penipeni. Chitsachi chikaphuka, aphuka a ulusi.”

Eya. Kutanthauza kuti mango a amayi, onse amene atsala pa dziko lino mmene ine ndikudziwira, anali mu thunthu lija lagona padzuwa maola atatu, masamba atayamba kulendewera ngati makutu a mbuzi.

Ndinataya nsonga khumi zija. Ndinayamba kudula pamwamba pa thunthu logwalo, a Likaka anandigwira mkono.

“Iwe wa foni, zapamwambazo zapsa. Lowa pansi, kumthunzi. Ukadula uone: ikadontha utomoni ikadali moyo. Ine nkhuni yaiwisi ndimaidziwa, ndi imene imandibweza pa uvuni.”

Ndinakwawa chamimba pansi pa nthambi. Nyerere zofiira zija za m'mango zinandilandira bwino, m'khosi, m'makutu, kwina sindinena. Nthambi iliyonse ndimaikanda ndi chikhadabo: pansi pa khungwa pakaoneka pobiriwira ponyowa, ndiye ilipo. Kachigawo kopyapyala kameneko, pakati pa khungwa ndi mtima wa mtengo, ndi kamene kamakula, ndi kamene kamalumikiza. Za timango ndimazisiya, zanthete ndimazisiya, ndimafuna zokhwima zokhala ndi diso lotupa kunsonga. Ndimadula n'kuponyera a Likaka, iwo n'kumaweruza. “Iyi yafa. Iyi bola. Iyi ukapatse mbuzi.” Zinapambana zisanu ndi ziwiri.

Ndimati ndiziike mu jumbo. A Feliya anandilanda. Anadula khungwa la thunthu la nthochi, lija lozizira lodzaza madzi, anaika timitengo m'kati atatikulunga ndi kansalu konyowa, anapinda, anamanga ndi luzi.

“Fodya wa agogo ako ankafika ku Chiringa osauma ndi njira imeneyi. Ukawauze achemwali kuti sindinagwetse mwa chipongwe. Mvula ikubwera, khoma ndi lija waliona.”

“Akudziwa, mayi aang'ono.”

“Ukawauzebe.”

Gilibati anabwera thuu koloko monga tinapanganirana. Panjira anachepetsa liwiro pa masuku paja. “Biggie, sitijambula?” Ndinati, “Mukaima ndikuchotserani sauzande.” Phukusi ndinalifungatira m'malaya ngati khanda lodwala. Pa Boma minibasi inatenga chaka kuti idzaze, kondakitala akungoti watsala mmodzi, watsala mmodzi, ine ndikununkhiza nthochi kuti ndimve ngati ikadali yozizira.

Hafu folo ndinali kunyumba. Amayi anali pakhonde. Sanafunse za msewu, sanafunse za mng'ono wawo.

“Watenga mbali iti?”

“Ya kunyumba, amayi.”

Anapuma mpweya wautali. “Ndi zimene ndimafuna kukuuza m'mawa, a katswiri.”

Tinakhala kuseri kwa bafa, pamthunzi. Ndinadula mutu wa mbande, ndinaing'amba pakati ndi lezala, ndinasema kanthambi mbali ziwiri kuti kasongoke ngati nkhwangwa, n'kukalowetsa. Chinsinsi chake n'chakuti zobiriwira zija, ya mbande ndi ya kanthambi, zikhudzane ngakhale mbali imodzi. Mu vidiyo zimatenga mphindi imodzi. Ine timitengo tiwiri ndinatisema mokhota mpaka kutha. Amayi anakhala pansi, anagwira mbande kuti isagwedezeke, ine ndikumanga ndi timizere ta pulasitiki ta pepala la shuga, pamwamba n'kuvindikira ndi timapepala ta mafilizesi kuti zisaume.

Tili pa yachinayi anayamba okha kuyankhula, maso ali pa mbande. “Alangizi aja anandiuza. Anati chilichonse chophuka pansi pa pulasitiki uzichithothola, chikakula chilanda mnzake chakudya. Ndinathothola zaka ziwiri. Kenako anabwera bambo ako ndi njinga yawo, ine n'kusamukira kuno. Wothothola panalibenso.”

Ndinawauza uthenga wa a Feliya. Anangogwedeza mutu, n'kuti, “Manga bwino apa, pakulowa mphepo.”

Lero patha masabata atatu. Zitatu zinada n'kuuma, ndazikanda, palibe chobiriwira. Ziwiri zatsegula maso, timasamba tofiirira tonyezimira ngati tapakidwa mafuta, chithunzi ndi icho ndatumiza m'gulumu. Mango ake tidzadya pakapita zaka zitatu kapena zinayi, mbuzi zikalola. Mavidiyo khumi ndi awiri aja sananame, koma palibe ndi imodzi yomwe imene imadziwa kuti mtengo wathu uli ndi mbali ya ana asukulu. Amene amadziwa ndinawadula mawu pakhomo.

M'mawa uliwonse tsopano, asanapite kumsika, amayi amapita kuseri kwa bafa, amawerama, n'kuyendetsa chala pansi pa pulasitiki. Dzulo anapeza kamphukira kamodzi. Anakathothola, anabwera nako pamene ndinakhala, n'kukaika pa galasi la foni yanga.