A DJ Mkokomo, nyimbo yanga si ya maliro

Inu a DJ Mkokomo a pa Chileka, tabwerani kuno. Mwandichititsa manyazi pa ukwati wa mng'ono wanga, ndipo sindikhala chete.

Kwa amene simundidziwa, ndine Tadala, kwathu ndi ku Lirangwe koma ndimakhala ku Ulaya. Ntchito yanga ndi yojambula ndi kukonza mawu mu situdiyo. Maiki, mikisa, mawaya, ndimadyera zimenezo. Ndikaweruka ndimakonda kupita ku opera, masewero aja oti nkhani yonse amachita kuimba, munthu mmodzi kudzaza holo ndi pakhosi pokha. Poyamba ndinkasinza m'menemo, sindinama. Pano ndimatuluka maso ali ofiira.

Ndiye mng'ono wanga Tamanda atandiuza kuti akukwatiwa, ndinati mphatso yanga ikhala nyimbo yolowera mkwatibwi. Ndinapempha mnzanga woimba opera, ndinamuphunzitsa mawu achichewa mpaka lilime lake linasiya kupunthwa pa "ng'", kenako ndinamujambula ndekha. Tamanda ataimva pa foni anati, "Achemwali, ine ndilowa ndi imeneyi basi."

Loweruka lafika. Ine ndi a DJ tinapangana kukumana eyiti koloko ku holo ya madyerero. Iwo anatulukira anthu akutuluka kale m'tchalitchi, atakhala pamwamba pa masipika ngati katundu nawonso. Ndinapita mwaulemu, flashi ya nyimboyo ili m'manja.

"Achimwene, tiyeseko kaye nyimboyi anthu asanalowe."

Anandiyang'ana kuyambira duku mpaka nsapato. "Asisi, izi n'zamagetsi, zingakugwireni. Kathandizeni azimayi ku mapoto uko."

Ine? Ku mapoto? Ndinawauza ntchito yanga modekha. Akuti, "Kunjako n'kunjako. Kuno mikisa imamva ine."

Mikisa yakeyo mukanaiona! Mabatani onse atakankhidwira kumapeto, timagetsi tonse tofiira, waya wina atamanga ndi mphira wa njinga. Maiki ikungolira tswiii chifukwa aima nayo kutsogolo kwa sipika. Ndinati tasunthani pang'ono. Akuti ayi, maiki ikutenthetsa kaye thupi. Maiki ndi wosewera mpira kodi?

Nthawi yolowa yakwana. Tamanda waima pakhomo, velo kumutu, atagwirana mkono ndi mkwati. Nyimbo yayamba. Imayamba chapansipansi, mavayolini okha. A DJ kumva choncho anaganiza kuti yakana, ndiye anakweza voliyumu yonse imene Mulungu anawapatsa. Nthawi yomweyo mnzanga uja m'nyimbomo anakweza mawu.

Abale, malata ananjenjemera. Makanda analira onse pamodzi. Abusa anadzidzimuka mpaka magalasi kugwera m'mbale. Agalu a kuseri kwa holo anayankha.

A DJ anazimitsa, n'kutenga maiki. "Pepani anthu a Mulungu, kwalowa nyimbo ya maliro. Flashi ya asisi akunjawa ili ndi vayirasi."

Holo yonse inatembenuka kuyang'ana ine. Ndinalakalaka nditalowa pansi pa tebulo la keke. Ndipo m'malo mwake anaika chiyani? Nyimbo yovina ya mwamuna wothawa banja. Pa ukwati! Mkwati ali pomwepo!

Tamanda sanasunthe. Ndinaona phewa lake likugwedezeka pansi pa velo, ndipo ndinadziwa kuti si kuseka. Apo mtima unandipweteka zenizeni. Ndinadutsa kuseri kwa a DJ n'kuzula waya wa magetsi. Inde ndinali ine, musavutike kufufuza. Holo inati zii. Mayi athu anaimirira, anakonza chitenje, anayambitsa nyimbo ya m'buku. Azimayi a kwaya anailandira, holo yonse inalowapo, ndipo Tamanda analowa akumwetulira, nthungululu zili pwirikiti.

Lolemba ndinapita ku shopu kumene a DJ amagwira ntchito. Abwana awo anandimvetsera akutokosa m'mano. Nditamaliza anati, "Koma mayi, nyimbo yopanda biti anthu angafupe bwanji?" Ndinati sindinabwerere biti, ndabwerera kuti a DJ apepese. Anaganiza pang'ono. "Mukuoneka kuti mawaya mumawadziwako ndithu. Loweruka tili ndi chinkhoswe ku Mdeka, tikusowa wonyamula masipika."

Ndinatuluka ndisanachimwe.

Ndiye a Mkokomo, ndikufuna mundiyankhe pano, poyera. Vayirasi yake iti yoimba Chichewa? Maliro ake ati amene mawu ake amati "takulandira mkwatibwi"? Munamvetsera n'komwe? Ine musandipepese, ndege yanga ndi ya sabata la mawa, ndikaiwalira m'mwamba. Mukapepese Tamanda, kunyumba kwake, opanda maiki.

Ndipo inu a ku Mdeka amene muli ndi chinkhoswe Loweruka likubwerali, sindikukudziwani koma ndikukumverani chisoni. Uzani azimayi anu ayambiretu kuyeserera nyimbo. Ndiponso mukhazike munthu mmodzi wolimba mtima pafupi ndi soketi.