Tiyi wa Agogo Kuseri kwa Nyumba

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala pa esiteti ya mzungu ku Thyolo, pamene agogo anga, mayi awo a mayi, anayamba kuiwala. Maina athu anawathawa, koma mantha a thangata sanawachoke. Lipenga la m'mawa likangolira ankabereka dengu, ati akapanda kuthyola tiyi kapitawo atigwetsera nyumba n'kutibweza kwa Apwitikizi kumene anathawa adakali mtsikana.

Mayi ankawaperekeza kuseri kwa nyumba, m'kamunda kathu ka chinangwa, n'kuwauza kuti gawo lawo lalero ndi limeneli. Agogo ankathyola nsonga, masamba awiri ndi kamphukira, akung'ung'udza nyimbo ya Chilomwe.

Ine ndiye ndinali nditangoyamba kalasi ku mishoni, ndipo pakamwa panga panalibe chitseko. Tsiku lina mayi ali ku ntchito, ndinawauza agogo kuti chimenechi n'chinangwa, ntchito anawachotsa kalekale, ndipo kunama n'tchimo. Ndinadziona woyera ngati mngelo.

Anandiyang'ana. "Ndiye atithamangitsa," anatero.

Ndinapita kukatunga madzi. Pobwera ndinapeza dengu lili pansi, eni ake kulibe. Tinakawapeza dzuwa litapendeka, panjira ya ku Luchenza, atasenza kamtolo ka nsanza, mapazi ali magazi okhaokha. Ankatichonderera kuti tifulumire asilikali asanafike.

Ndinkayembekeza mkwapulo, koma mayi anangondipatsa madzi ofunda kuti zilondazo nditsuke ndekha. Nditamaliza anati: "Sindikukuphunzitsa bodza, mwana iwe. Koma usanamusenzetse munthu choonadi, uziyamba waona ngati khosi lake lingapirire."

Kutacha agogo anali ataiwala zonse, n'kuberekanso dengu lawo. Mayi anati wowaperekeza ndikhale ine. Dengu litadzaza agogo anandigwira mkono n'kundifunsa ngati ntchito yawo ikukwanira kuti tikhalebe pamalopo. Kunama sindinkafuna, kuwapwetekanso kachiwiri ayi. Ndinayang'ana masambawo, omwe mayi ankasinja tsiku lililonse kuti tipeze ndiwo.

"Agogo, nyumba yonse ikudya thukuta lanu."

Anaseka, usinini wonse poyera.

Lero nanenso ndakalamba, maina a zidzukulu ayamba kundipulumuka. Ndimawathokoza kwambiri mayi. Anandionetsa kuti tsiku lija ndinkasamala kuyera kwanga, osati agogo. Ana anga ndawauza kale kuti ndikadzafika poiwala asadzandinamize, koma adzandifunire choona chimene ndingagone nacho tulo.