Bawuti ya bambo aang'ono

Bambo anga anagwira ntchito ya njanji ku Cuamba mpaka imvi zinawamera. Ankalumikiza mabogi a sitima, ndipo kunyumba ankatitopetsa ndi chiphunzitso chimodzimodzi: chinthu chokokedwa chilibe maso, chimangodalira chitsulo chimene mwachimangirira. Ngakhale njinga yokoka kangolo ka makala ikadutsa pakhomo, ankaiimitsa n'kuyang'ana mfundo yake. Ife ana tinkawaseka. Ndiye mumvetse mkwiyo wanga ndikakuuzani mmene tinawanyamulira munthu ameneyu atamwalira.

Kwawo kunali ku Ngauma, kufupi ndi Massangulo, ndipo n'kumene anayenera kukagona. Mphwawo, bambo aang'ono, anabwera ndi pikapu yawo yonyamulira fodya. Kumbuyo anali atakoleka ngolo yobwereka kwa munthu wina wowotcherera zitsulo. Galimoto ankaidziwa, zimenezo sindikana. Koma ngolo anali asanakokepo chibadwire, ndipo anachita kunena okha akuseka, ngati n'chinthu chonyadira.

Ndine mwana wa bambo anga, choncho ndinawerama n'kuyang'ana polumikizira. Pini yake panalibe. M'bowomo anali atalowetsamo bawuti yoonda, yopanda nati, n'kuikulunga ndi mphira ya chubu ngati akumanga thumba la chinangwa panjinga. Matcheni ogwira ngolo ikamasuka panalibenso.

Ndinawaitanira pambali n'kugwada monga mwa ulemu.

"Bambo, ngoloyi sifika. Bokosi ndi amayi alowe m'galimoto, ufa ndi nkhuni ndiye zikwere m'ngolo."

"Iwe, parafuzo imeneyo n'chitsulo chenicheni," anatero, kutchula bawutiyo monga timaitchulira kuno. "Ndabwera nayo kuchokera ku Ngauma osagwa. Ukuyesa ndi komboyo, sitima ya bambo ako ija?"

"Munabwera ngolo ili yopanda kanthu."

Adzukulu, anthu osamala za maliro, anamva n'kundizungulira. Namfedwa salamula, anatero. Pamaliro sitikangana. Mtembo suyenda wokha, uyenera kuzunguliridwa ndi amayi oimba, ndipo wamasiye malo ake ndi kumutu kwa bokosi. M'pikapumo bokosi ndi amayi onsewo sakanakwanamo, ndiye nkhani inathera pomwepo. Ndinayang'ana amayi anga. Anali atafunda chitenje mpaka kumaso, osagona chimwalirireni bambo, ndipo anangondikodola kuti ndikhale chete.

Zimene anachita popakira zimandiwiritsa magazi mpaka lero. Bokosi analikankhira chakumbuyo kwa ngolo kuti oimba apeze pokhala. Matumba a ufa ndi mitolo ya nkhuni anaziunjika kumapeto kwenikweni, kuseri kwa matayala, mpaka mphuno ya ngolo inkafuna kudzuka yokha. Amuna, amene miyendo yawo ikanatha kulumpha, anadzaza m'galimoto. Ine anandikweza kumbuyo kwa pikapu, ati ndingasokoneze nyimbo ndi nkhope yanga. Ndinakhala choyang'ana ngoloyo ulendo wonse.

Kuchoka ku Cuamba mpaka ku Mandimba bawuti ija inkadumphadumpha m'bowo mwake, mphira ikumasuka pang'onopang'ono. Titaima pa Mandimba kuti amayi amwe madzi, ndinapitanso kwa bambo aang'ono. Ndinawapempha kuti tifunefune pini kwa amakaniko, kapena nati yokha, kapena tcheni. Anayang'ana dzuwa n'kunena kuti kumanda anakumba kale, anthu akudikira. Anaponda bawutiyo ndi chidendene, n'kukwera.

Titadutsa cha ku Itepela msewu unayamba kukwera ndi kutsika. Pamtsetse wina bambo aang'ono anailekerera galimoto kuti ithamange, monga amachitira akanyamula mabelo a fodya. Ngolo inayamba kugwedeza mchira, uku ndi uku. Nyimbo inaduka. Tinamenya denga la galimoto tikukuwa. Munthu wodziwa kukoka amachotsa phazi pamoto n'kuchepetsa liwiro mofatsa, chiwongolero chili chilili. Iwo anaponda mabuleki ndi mphamvu zawo zonse, n'kukhotetsanso. Ndinaiona ndi maso angawa bawuti ija ikutumphuka ngati chimanga m'chiwaya. Chitsulo chokokera chinagwa pansi n'kukumba msewu, ngolo inapatuka yokha ndipo inakagwa cham'mbali m'ngalande.

Palibe anafa, ndipo anthu amandiuza zimenezi ngati akundipatsa mphatso. Oimba ananyuka mawondo ndi zigongono, ufa unayeretsa tchire lonse. Koma amayi anga, okhala kumutu monga mwa mwambo, bokosi linawatsamira n'kuwathyola fupa la m'chiuno.

Shapa, minibasi yonyamula anthu, yopita ku Mandimba inaima n'kutitenga, ine ndi amayi, kupita kuchipatala. Bokosi linakwera m'pikapu muja ndinanena poyamba. Mwadzidzidzi linakwanamo, mwambo osadandaula. Anakawaika bambo tsiku lomwelo, mkazi wawo ali gone pabedi lachipatala. Madzulo ake amayi atatsitsimuka anandifunsa ngati tatsala pang'ono kufika. Ndinawauza kuti aika kale. Sanalire mokweza. Anangopukuta ufa umene unali udakali m'tsitsi mwawo.

Chimene sindidzakhululuka ndi zimene zinanenedwa pambuyo pake. Kumudzi kunamveka kuti malemu anakana ulendo, ati mzimu wawo unkafuna kutsala ku Cuamba. Ena anayamba kunong'ona kuti mwina wamasiye anali ndi mlandu ndi mwamuna wake, n'chifukwa chake bokosi linasankha iyeyo. Tangoganizani! Munthu amene moyo wake wonse sanalole bogi kuchoka asanagwire polumikizira ndi dzanja lake, lero akumunamizira kuti ndiye anazula bawuti. Bambo aang'ono atabwera kudzazonda amayi anakhala pampando n'kupukusa mutu.

"Alamu, tsoka silinunkha."

"Limeneli linanunkha kuyambira ku Cuamba, bambo," ndinatero. "Mphuno ndi zimene munasiya kunyumba."

Ananditcha wamwano, ndipo dzinalo ndinalilandira ndi manja awiri. Pini ndi matcheni awiri zimagulitsidwa pamsika uliwonse. Kufunsa munthu wodziwa kupakira ngolo sikuchotsa ndevu za munthu.

Amayi tsopano amayenda ndi ndodo, ndipo galimoto sakwera ulendo wautali. Manda a mwamuna wawo sanawaonepo. Kale ankakonda kunena kuti adzagona pambali pa bambo, pansi pa mitengo ya kwawoko, moti malo anawasungira. Chaka chatha ndikuwasisita mwendo uja ndi madzi ofunda, anandigwira dzanja.

"Mwanawe, ine ndikadzapita mudzandiike konkuno ku Cuamba. Bambo ako adzandimvetsa. Wina asadzandimangirire kumbuyo kwa galimoto."