Dzanja Limene Amayi Ankalikwapula

Ndikukumbukira bwalo la kuseri kwa sukulu yathu ku Kafue Estates m'mwezi wa Okutobala, udzu wonse utapserera n'kutsala fumbi lokhalokha. Mphepo ikachokera ku mafakitale inkabwera ndi kafungo ka fetereza kokanda pakhosi, ndipo mbuzi za anthu zinkayenda pabwalopo ngati nazonso zinalembetsa sukulu. Pamenepo ndi pamene ndinaphunzirira besibo, masewera amene anthu a ku Kafue ankangowatcha mpira wa chibonga.

Anabweretsa masewerawa ndi mlendo wina wa kutsidya kwa nyanja amene anadzaphunzitsa kwa kanthawi. Pochoka anasiya thumba la magulovu, zibonga ndi timipira tolimba ngati dzaye, ndipo aphunzitsi athu a masamu, Ba Sitali, anapitiriza kutisonkhanitsa madzulo. Kasewerede kake n'kosavuta kumva. Wina amaima pakati pa bwalo n'kuponya mpira kwa mnzake amene wanyonyomala patsogolo pake atavala gulovu. Pafupi ndi wonyonyomalayo pamaima mdani ndi chibonga, kufuna kuumenya mpirawo. Woponya wabwino ndi amene amachititsa wachibongayo kumangomenya mphepo. Woponya wa timu yathu ndinali ine, Lazaro, kamnyamata kowonda ngati bango.

Koma ine ndinabadwa wamanzere, ndipo kwathu imeneyo inali nkhondo. Amayi anakulira ku Chadiza, kumene dzanja lamanzere lili ndi ntchito yake imodzi yosatchulika pa anthu. Ndikatambasulira dzanja limenelo m'mbale ya nshima, mthiko unkatera pa zala ndisanatseme n'komwe. Kupatsa munthu wamkulu chinthu ndi manzere, abale inu, kumeneko kunali kutukwana mtundu wonse. Choncho ndinaphunzira kudya, kulemba, kupereka moni ndi kulandira zinthu ndi dzanja lamanja. Kuponya kokha ndi kumene kunakana kusamuka. Mango a m'mitengo ya eni ndinkagenda ndi manzere, pabwalo ndinkaponya ndi manzere, ndipo poti magulovu onse a m'thumba lija anali a anthu oponya ndi manja, ine ndinkasewera wopanda gulovu. Amayi ankakhalira kugulitsa vitumbuwa ku maliketi ya m'tauni, moti ndinkadziuza kuti za pabwalo sazidziwa.

Chaka chimene ndinali mu giredi naini, ntchito ya atate ku fakitale inatha. Anapita ku Mazabuka kukadula nzimbe, koma zimene ankatumiza sizikanatha kundipititsa ku sekondale. Akuluakulu anagwirizana kuti ndikangolemba mayeso ndipite kwa amalume ku Chanyanya, ndikaphunzire kupalasa bwato ndi kuponya ukonde. Kunena zoona, ndinkachita mantha oopsa. Ine madzi ndimawakonda akakhala m'kapu. Kusambira sindinkadziwa, ndiponso ndinali nditaonapo msodzi wina amene ng'ona inamusiyira mwendo umodzi. Sukulu ndinkaikonda, ndipo ndinkalira ndekha ndikaganiza kuti mabuku anga adzakhala okulungira nsomba zouma.

Ba Sitali ndi amene anabwera ndi kachiyembekezo. Anati ku Lusaka kuli sukulu ina yogonera komweko imene ili ndi timu ya besibo, ndipo imatenga anyamata ochepa aluso n'kuwaphunzitsa osalipira. Anali atalankhula ndi kochi wa kumeneko, n'kumuuza kuti ku Kafue kuli mwana amene ali ndi dzanja. Kochiyo anavomera kubwera Loweruka kudzandiona. Tsoka ilo, kutatsala pang'ono Ba Sitali analandira uthenga wa maliro n'kunyamuka ulendo wa ku Mongu. Kuti dzanjalo ndi liti, iwo sanaone chifukwa chotchulira.

Loweruka m'mawa ndinadabwa kuona amayi atavala chitenje chawo cha ku tchalitchi. Anati ku maliketi sapita, akufuna akaone ndi maso awo munthu amene akufuna kutenga mwana wawo. Anandipaka mafuta kumaso mpaka ndinkanyezimira, ndipo njira yonse ankandilangiza za ulemu: ndigwade popereka moni, ndisayang'ane mlendo m'maso, ndiyankhe pokhapokha ndafunsidwa. Pafupi ndi bwalo anayang'ana dzanja langa lamanzere n'kunena kuti lisawachititse manyazi pamaso pa mlendo.

Kochiyo anali Ba Hamoonga, bambo wamtali wa imvi mutu wonse, wamkulu kuposa atate. Anatsika minibasi kumsewu n'kubwera wapansi, chikwama chili paphewa. Anzanga a timu anakhala pansi pa mtengo wa mthethe ali chete, ngati ali pa mlandu. Ba Hamoonga sanafulumire. Anandiimika pambali pawo kuti aone msinkhu wanga, anafunsa ngati atate ndi aatali, anandithamangitsa kukafika pa chulu ndi kubwerera. Kenako anatulutsa mpira watsopano woyera mbee ndi gulovu yonunkhira chikopa. Ndinalandira mpirawo ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira pachigongono monga ndinaphunzitsidwira. Iwo poona zimenezo anandiveka gulovu kumanzere, osafunsa kanthu.

Ine ndinkayembekeza kuti aitana mnzanga Mabvuto, amene ankandiwakhira masiku onse. Ayi ndithu. Mkulu uja anavala gulovu yake, anayenda kukafika pamalo a wowakha, n'kunyonyomala yekha m'fumbi. Anamenya gulovu ndi chibakera n'kundiuza kuti ndiponye.

Patsogolo panga panali munthu wa imvi, mlendo, wodikira kuti ndimupatse chinthu. Kumbali kunali amayi ataima chilili, manja atapinda pachifuwa. Kuponyera munthu wamkulu chinthu n'kulakwa kale, nanga kumuponyera ndi manzere, amayi akuona? Ndinayang'ana gulovu imene anandiveka ija, ndinayang'ana mpira uli m'dzanja lamanja, ndipo ndinaganiza kuti mwina Mulungu andichitira chifundo. Ndinaponya ndi manja.

Mpira woyamba unagwa panjira n'kufika kwa Ba Hamoonga ukugubuduka ngati phwetekere wagwa pa tebulo. Wachiwiri unawadutsa pamwamba n'kukagwera m'dimba la repu la mlonda wa sukulu. Iwo anati ndisachite mantha, ndipume kaye. Ndinapuma, ndinaponyanso, koma zinali zomwezo. Mkono unkangopita wokha, mwendo osadziwa poponda. Pansi pa mtengo paja Mabvuto ankanditong'olera maso n'kumagwedeza dzanja lake lamanzere mobisa, koma ndani mwa ife akanayamba kulankhula akuluakulu ali pomwepo? Thukuta losakanikirana ndi mafuta aja linkandilowa m'maso.

Patapita kanthawi Ba Hamoonga anadzuka, mawondo akulira. Sanakalipe. Anapita kwa amayi n'kuwauza mofatsa kuti mwana wawo ndi waulemu kwambiri ndipo ali ndi miyendo yabwino, mwina ayese zothamanga, koma mkono wa woponya iwo sanauone. Anayamba kutsegula chikwama kuti alongedze. Ine ndinangoima pakati pa bwalo. Ndinkamva kale fungo la nsomba ndi matope a ku Chanyanya.

Amayi anayamba akonza chitenje chawo, kenako anagwada pang'ono.

"Ba kochi, pepani kulowerera za amuna," anatero. "Mwanayu wakhala akukuponyerani ndi dzanja laulemu. Lake lenileni ndi linalo. Ndalikwapula kuyambira ali wakhanda, koma silinamve. Liyeseni lomwelo."

Ndinatsegula pakamwa. Amayi anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndinkaganiza kuti iwo sadziwa amene tsiku lina anagenda ndi manzere n'kuthyola mwendo wa tambala wa aneba athu, tambalayo ali kutsidya kwa mpanda. Anati anaona zonse pawindo, ndipo ngakhale anakwiya, mumtima anadabwa kuti mwana angalunjike chonchija.

Ba Hamoonga anasiya chikwama. "Iwe mwaiche, kamwana iwe, ndiwe wa kumanzere? Nanga nthawi yonse iyi unali kuchita chani?"

Ndinayankha ndikuyang'ana pansi kuti iwo ndi akulu, sindikanatha kuwaponyera ndi manzere. Mkulu uja anaseka mpaka anakhala pansi m'fumbi. Anati wayenda m'masukulu ambiri kufunafuna mwana wamanzere, ndipo lero wamupeza mmodzi akubisa dzanja chifukwa cha ulemu. Ine sindinaseke. Ndinkayang'ana amayi, chifukwa chilolezo sichikanachokera kwa wina aliyense.

"Laza, vula chinthucho," anatero amayi. "Lero ndakuloleza mwano. Aponyere akuluwa ndi mphamvu zako zonse."

Ndinavula gulovu n'kuitaya pansi. Mpira utangolowa m'dzanja lamanzere, zala zinapeza zokha pamene pali ulusi. Ndinakweza mwendo, thupi lonse linatsatira, ndipo mpira unakalira kuti phaa! m'gulovu ya Ba Hamoonga. Mbuzi imene inali pafupi inadumpha. Pansi pa mtengo paja anzanga anayamba kupuma ngati anthu.

Apa ndiye kuyesa kwenikweni kunayamba, ndipo nkhope ya mkulu uja inasintha. Ankaika gulovu pansi pafupi ndi bondo, kenako kumbali, kenako m'mwamba, ine n'kumatumiza mpira pomwepo. Anaitana Mabvuto kuti aime ndi chibonga, kuti aone ngati ndingaope kuponya pafupi ndi thupi la munthu. Mabvuto anamenya mphepo mpaka anazungulira yekha. Kenako anamuuza kuti awakhe, iwo n'kudzaima kumbuyo kwanga, kenako kumbali, kuyang'ana phazi, chiuno ndi phewa. Anandiponyetsa mpaka nditatopa, dala, kuti aone ngati mkono umagwa mphamvu zikatha. Pomaliza anagwira zala zanga zamanzere n'kuzitembenuza, ndipo anafunsa za tizipsera tinali pamfundo. Amayi anayang'ana kumbali.

Chigamulo anachinena pamaso pa amayi, mosakometsera. Anati liwiro la mpira wanga silinali loopsa, thupi linali lisanakhwime, ndinkatsegula phewa msanga ndipo phazi linkatera mokhota. Zimenezo anati zimakonzeka ndi chakudya ndi maphunziro. Chimene sichiphunzitsika, anati, ndi mpira womvera mwini wake, wopita kumene watumidwa ndiponso wokhota wokha ukatsala pang'ono kufika. Anawonjezera kuti omenya ambiri anazolowera oponya ndi manja, moti wamanzere amawasokoneza. Amayi anafunsa ngati munthu angadye nazo zimenezi. Ba Hamoonga anati sanganame: alipo amene amalipidwa kumaiko akutali, koma njira yake ndi yaitali ndipo ambiri amathera panjira. Chimene akanalonjeza ndi malo a sukulu basi, ngati ndikhoza mayeso.

Atanena mawu akuti malo a sukulu, ndinangokhala pansi pomwepo. Sindinasangalale modumphadumpha ayi. Ndinangomva ngati wina wanditula thumba la chimanga limene ndinalisenza miyezi yonse ija. Amayi anapumira m'mwamba n'kunena kuti Mulungu ndi wamkulu, kenako anamasula kamtolo ka vitumbuwa n'kupereka kwa mlendo atagwada. Pobwerera kunyumba anatulutsa chimodzi chimene anandisungira. Ine ndi chimwemwe ndinatambasula dzanja lamanzere, ndipo khofi linatera pomwepo. Anati chilolezo chija chinathera pabwalo.

Mayeso ndinakhoza, ndipo ku Chanyanya ndinkangopitako kukacheza, osayandikira bwato. Za kumaiko akutali sizinatheke. Ndinasewera zaka zingapo, ndeke ndinakwerapo kamodzi ndi timu, kenako phewa linayamba kudandaula ndipo ndinasiya. Koma sukulu ndinamaliza, ndinaphunzira zamagetsi, ndipo lero ndimagwira ntchito ku mafakitale konkuja kumene atate anachotsedwa. Sindidandaula ngakhale pang'ono.

Masiku ano zinthu zinasintha. Mwana akakhala ndi mkono, anzake amangomujambula pa foni n'kutumiza, ndipo kochi amadziwa dzanja lake asanakwere n'komwe minibasi. Magulovu a amanzere amapezeka, ndipo aphunzitsi sakwapulanso mwana wolemba ndi manzere. Ulemu uja wogwira pachigongono ukuchepa, ndipo nthawi zina ndimausowa, ngakhale kuti unatsala pang'ono kunditumiza kwa ng'ona.

Amayi tsopano amakhala ndi ife ku Estates. Mwana wanga wamkazi, Tamara, anatengera ine. Tsiku lina ali wamng'ono anatola supuni ndi manzere agogo ake akuona. Ndinaona dzanja la amayi likupita lokha kumene kunali mthiko. Linaima panjira. Anamuyang'ana mwanayo kwa kanthawi, kenako anamukankhira mbale pafupi n'kunena kuti, "Musiyeni. Sitidziwa kumene dzanjalo lidzamufikitse."

Ine ndinalimba mtima n'kutambasulira langa lamanzere m'mbale. Mthiko unandipeza.