Mbuzi ya chilanga mulilo ili ndi bere

Mwaswera bwanji ana anga, Mulungu ndi wabwino.

Mbuzi ija atate anu anagula ku Lilayi kuti tiphe Loweruka pa chilanga mulilo cha Tiyanjane, mwambo uja wophikira mkamwini ndi abale ake ukwati usanachitike, ankanyadira kuti asankha yonenepa. Lero yakana kudya, ikungopalasa pansi kuseri kwa nyumba, kugona, kudzukanso. Nditaigwira, mawere adzaza tho, kumchira kwafewa. Ndati, "Atate a Tiya, mafuta anu aja ali ndi miyendo!"

Chandikhudza n'chakuti ikumacheukira mimba yake n'kulira motsitsa, ngati ikuyankhula ndi mwana. Inenso ndinkatero ndili ndi pakati pa Tiyanjane yemweyu. Ndaipempherera, ndipo mpeni ndabisa.

Nanga apongozi tiwaphikire chiyani? Nkhuku zokha zingatichititse manyazi kodi?