Malo Otsala pa Chimbale

A Chimbale, wojambula maukwati uja wa kachipinda ka kuseri kwa telala, ankadana ndi malo otsala. Ankati chimbale chili ngati ndowa: VCD imatenga ola ndi kanthu, DVD maola awiri, pomwe DVD ya magawo awiri imameza ukwati wonse mpaka alendo kubalalika. Koma ukwati sudzaza ndowa ndendende ayi. Kumapeto kumatsala timphindi topanda kanthu.

Ndiye mkulu ameneyu, osauza munthu, pamalo otsalawo ankathirapo malemu akazi awo. Kavidiyo kake kanali kamodzi kokha: mayiwo akuyanika zovala, mphepo ikuwaphimba nazo kumaso, iwo n'kumaseka. Masana kukati zii, a Chimbale ankatembenuza chimbale padzuwa, utawaleza n'kumavina kudenga, iwo maganizo ali kutali. Ankawasowa akazi awo, zosachita kufunsa.

Tsiku lina kompyuta imene inkasunga kavidiyoko inangozima, osadzukanso. Anathamangira chimbale chawo cha m'kabati, koma chinali chitakalika paliponse. Chithunzi chinkaima pa zovala, nkhope osatuluka. Mtima unawawa koopsa.

Anayamba kuyenda m'makomo mwa anthu amene anawajambulira maukwati, manyazi atawagwira. Ena anati zimbale zinatayika posamuka. Ena anati ana anazisandutsa matayala a galimoto zamawaya. Wina anangoti banjalo linatha kalekale, asamukumbutse. Dziko ili, abale!

Kenaka anafika kwa namwino wina. Asanamalize n'kufotokoza komwe, namwinoyo anatuma kamwana kake kakakazi kuti kakatenge chimbale cha azakhali. Anati ana ake ukwatiwo sauonera, amati n'ngotopetsa, amangothamangitsa mpaka kumapeto kuti aone mayi oyanika zovala amene iwo amawatchula kuti azakhali.

"Sitikuwadziwa mayi amenewa," anatero namwinoyo, "koma ana anga akula nawo. Kodi ndi ndani?"

A Chimbale anakhala pansi, chipewa chili pabondo. Pakanema zovala zinauluka, nkhope ija inatuluka yonse, yowala bwinobwino.

"Ndi akazi anga."

Kamwana kaja kanawayandikira, kanawagwira dzanja, n'kuwafunsa kuti nanga bwanji sabwera nawo azakhaliwo kuti adzawaone.

 Pakanema mayi aja anali akusekabe.