Botolo Lachinayi la ku Isipingo

Tinanyamuka ku Cato Manor 6 koloko m'mawa, ine nditanyamula bokosi la ayezi, achemwali anga a Zione atapanira kope kukhwapa. Iwowa anapata mwayi wa chaka chimodzi. Bungwe lina limawalipirira kuti aphunzire za m'nyanja pansi pa Dokotala wina, mayi wachimwenye wa ku Chatsworth, amene ine ndimangoti namkungwi wawo. Dokotalayo akakhutira, chaka chachiwiri chilipo. Akapanda kukhutira, achemwali abwerera kokolopa m'nyumba za eni.

Matakisi awiri, ya R15 ndi ya R22, ndipo 8 koloko tinali ku Isipingo, pamene mtsinje umathira m'nyanja. Ntchito yake inandizunguza mutu. Madzi ndi omwewo, koma mabotolo asanu ndi limodzi, lililonse malo ake, nthawi yake, nambala yake.

"Bwanji osangotunga chidebe chimodzi n'kugawa?" ndinafunsa.

Achemwali anangopitiriza kutunga. Tinadya magwinya a poloni, mandasi a kunoko, n'kuyamba wobwerera.

M'takisi achemwali salankhula Chichewa, amaopa kudziwika kuti ndi obwera, ndipo kukalipa m'Chingerezi sakutha. Apa ndiye ine ndimapumira. Mayi wina wachizulu anasuzumira m'bokosi muja n'kufunsa ngati anali madzi a m'nyanja. Kunotu anthu amawafuna pochotsa minyama.

"Yebo, mama," ndinatero, "opemphereredwa kale."

Ndinawapatsa botolo lachinayi. Achemwali asanapeze mawu, mayi aja anali atawaza mutu wawo, mipando, mpaka khosi la dalaivala. Dalaivala anati ameni. Madzi otunga kumunsi kwa paipi ya zonyansa amenewo!

Titatsika m'tauni cha m'ma 11, Chichewa chinabwerera, limodzi ndi zala pakhutu langa.

"Mwana iwe, wandipha!"

"Eish, achemwali, nyanja si iyo? Tidzazemo ena. Adziwa ndani?"

Anayang'ana kudoko, botolo lopanda kanthu lili m'manja. Kenako anangoti, "Tiye."

Kulabotale Dokotala anandandalika mabotolo patebulo. "Lachinayi bwanji lauma?"

Achemwali anaulula zonse. Ine ndinali nditaona kale kumene kuli chitseko. Koma Dokotala anaseka mpaka kuvula magalasi. Anatenga kope lija n'kulemba okha pamzere wachinayi kuti madzi atayika.

"Ine ndili ngati iwe ndinagwetsera bokosi lonse m'nyanja," anatero. "Mzere wopanda kanthu ndingauikire kumbuyo paliponse. Ukanathiramo a kudoko, mchere wake ukanakuulula, ndipo Lolemba sukanabweranso. Loweruka ukatungenso. Uyu umusiye kunyumba."

Tinafika kunyumba 2 koloko, mutu wanga ukadali balala. Kusukulu kwathu ukaulula, umakazula udzu. Uku wataya katundu, wanena, akupatsa tiyi ndi bisiketi, n'kukuuza kuti chaka chamawa akufuna uphunzire kuyendetsa boti. Achemwali akuti tsiku limenelo ndi limene anayamba sayansi.

Kaya. Ine ndikanadzaza.